Evening Star inapumiranji ili ndi zaka zisanu zokha?

Mayi wina amene amakhala ku Leeds walemba kuti: "Pa tchuthi chapitachi ndinapita ndi mwana wanga wamwamuna ku National Railway Museum ku York. Tinaona mutu wa sitima wobiriwira, waukulu zedi, dzina lake Evening Star. Tinawerenga kuti unapangidwa mu 1960 n'kusiya ntchito mu 1965. Mwana wandifunsa kuti, kodi unali wowonongeka? Ine yankho ndilibe. Kwathu ngakhale minibasi imayenda zaka zambiri kuposa pamenepa. Chinavuta n'chiyani?"

Mayi, zikomo kwambiri, ndipo mnyamatayo mumuuze kuti wafunsa funso limene limatiwawa mumtima ife okonda za njanji mpaka lero. Ayi, injiniyo sinali yowonongeka. Ine ndimaiika pakati pa mainjini a malasha abwino kwambiri amene Britain inapangapo. Tsoka lake inabadwa mochedwa, eni ake atatsimikiza kale kuti akusiya malasha. Koma kuti izi zimveke, muyenera kudziwa banja lake, chifukwa Evening Star si yokhayokha. Ndi mzime m'banja la mainjini 251 a mtundu wotchedwa 9F. Chilembo F ndi choyamba cha mawu a Chingelezi otanthauza katundu, ndipo 9 ndi mlingo wa mphamvu, wapamwamba kwambiri pa mainjini a katundu a nthawiyo.

Mu 1948 boma la Britain linatenga makampani anayi akuluakulu a njanji n'kuwaphatikiza kukhala British Railways. Nkhondo yachiwiri inali itangotha kumene, njanji zitatopa, ndalama zogulira zinthu kunja zili zosowa. Mafuta ankachita kuitanitsa kunja, pamene malasha ankakumba pakhomo pomwepo. Mkulu woona za mainjini, Robert Riddles, anaona kuti chanzeru n'kupitiriza ndi malasha mpaka njanji zikuluzikulu zidzaikidwe magetsi. Gulu lake linakonza mitundu 12 ya mainjini osavuta kusamala, ndipo pakati pa 1951 ndi 1960 anapanga mainjini 999. Mtundu wa 9F ndiwo unabwera pomaliza. Yoyamba, nambala 92000, inatuluka m'fakitale ya ku Crewe mu Januwale 1954. Crewe inapanga 198, Swindon 53. Ntchito imene anailemba papepala inali yokoka matani 900 pa liwiro la makilomita 56 pa ola, mosawononga malasha. Matani 900 ndi katundu wa mathiraki 30 onyamula matani 30 iliyonse, ndipo zonsezo anthu atatu okha: dalaivala, wosonkhezera moto, ndi galadi wokhala m'bogi yakumapeto.

Mukadzabwererako, mnyamatayo awerenge mawilo mbali imodzi. Apeza kawilo kamodzi kutsogolo, kenako akuluakulu asanu olumikizidwa ndi chitsulo chachitali, kumbuyo kwake kulibe lina mpaka pa ngolo yonyamula malasha ndi madzi. Mbali zonse ziwiri ndiye kuti awiri, khumi, palibe, n'chifukwa chake amalemba 2-10-0. Poyamba ankafuna kupanga ya mawilo okoka asanu ndi atatu, koma Riddles, amene anali atapangapo kale ya mawilo khumi nthawi ya nkhondo, anakonda khumi. Chifukwa chake n'chakuti chitsulo pa chitsulo chimaterera. Injini imagwira njanji malinga ndi kulemera kumene kwatsamira pa mawilo okoka, choncho ngati pafupifupi kulemera konse kuli pa mawilo amenewo, imanyamuka ndi katundu wolemera osapalasa. Kugawa kulemerako pa maekiselo asanu kunachititsanso kuti ekiselo iliyonse isenze matani 15 ndi theka okha, motero injini yaikulu chotere inkaloledwa pa milatho yambiri.

Panalinso nkhani ya mabuleki, imene anthu ambiri saiganizira. Nthawi imeneyo mabogi ambiri a katundu ku Britain analibe mabuleki olumikizana ndi injini. Ankangokolowekana ndi unyolo. Poima, sitima yonse inkadalira mabuleki a injini ndi a galadi kumbuyo, ndipo pamwamba pa chitsetserezi choopsa ankaima kaye n'kumanga mabuleki a pamanja bogi ndi bogi. Injini ya mawilo khumi ogwira buleki inali chitetezo cha anthu.

Kenako awerame ayang'ane wilo lapakati pa asanu aja. Mawilo a sitima amakhala ndi mlomo m'kati umene umawaletsa kuchoka pa njanji, koma limeneli lilibe, ndi losalala. Mawilo asanu omangidwa pa mzere umodzi wowongoka sangakhote pa njanji yokhota kwambiri, ndiye analisiya lapakatilo lomasuka kuti lizitha kusuntha pang'ono cham'mbali, ndipo lachiwiri ndi lachinayi anawachepetsa milomo. Kanzeru kameneka kanathandiza kuti 9F izilowa m'mayadi a migodi ndi madoko. Lero kanasanduka msampha: chifukwa cha mmene mphambano za njanji zamakono zimapangidwira, ma 9F otsala saloledwa kuyenda pa njanji zikuluzikulu za dzikolo.

Mawilo okokawo ndi aatali mita imodzi ndi theka, ndipo ng'anjo yamoto, imene pansi pake m'potambalala pafupifupi masikweyamita anayi, inayenera kukhala pamwamba pa mawilo akumbuyo. Zimenezi zinakweza boyila m'mwamba moti mukaima pambali mumaona kuwala kudutsa pansi pake. Anyamata a nthawiyo ankawatcha Spaceship, chombo cha m'mlengalenga. Koma wosonkhezera moto ndiye ankadziwa mtengo wake. Ndinakwerapo m'chipinda cha dalaivala wa 9F ina pa njanji yosungidwa ndi anthu odzipereka, ndipo sindiiwala. Chitseko cha ng'anjo chikatseguka injini ikukoka, motowo sukhala wofiira ngati wa pambaula, umakhala woyera mbee, wothobwa m'maso, ndipo kutentha kumakumenya m'miyendo kudutsa thalauza. Ng'anjoyo ndi yotambalala koma yosazama, ndiye ngodya ziwiri zakumbuyo zimabisala m'mbali mwa chitseko. Munthuyo amalowetsa fosholo n'kupotoza dzanja kuti malasha agwere kumbuyo, dzanja lili pafupi ndi moto, pansi pakugwedezeka. Akaphonya ngodya zimenezo, mpweya wozizira umalowera pamenepo, nthunzi n'kuyamba kutsika, ndipo dalaivala amaona yekha pa geji. Nthunziyo imayenera kukhala pafupi ndi mabaa 17, kuwirikiza kasanu ndi kawiri kapena kasanu ndi katatu mpweya wa m'tayala la galimoto yaing'ono. Ngolo ya kumbuyo ya Evening Star imanyamula matani 7 a malasha ndi malita 22,700 a madzi, madiramu opitirira 110. Malasha onsewo amalowa m'ng'anjo ndi msana wa munthu mmodzi.

Oyambirira anawatumiza ku Newport, kum'mwera kwa Wales, kukakoka miyala ya chitsulo kukwera nayo ku Ebbw Vale. Kumeneko anaonetsa timavuto tiwiri: chotsegulira nthunzi chinkakanirira, ndipo mabuleki ankachedwa kugwira injini ikaima nthawi yaitali. Zonse ziwiri anazikonza msanga. Kuchokera apo anafalikira. Kuyambira 1957 ankathamangitsa malasha kuchoka ku Annesley, pafupi ndi Nottingham, kupita ku Woodford Halse, mtunda wa makilomita pafupifupi 110, ndipo madalaivala akumeneko anatchuka chifukwa chofika makilomita 80 pa ola ndi mabogi opanda mabuleki aja. Ina, nambala 92079, inkakhala pansi pa chitunda cha Lickey pafupi ndi Birmingham, ntchito yake kukankha sitima zina kumbuyo.

Koma ngati mukufuna kudziwa chimene 9F inabadwira, ndi ku Consett, osati kutali kwambiri ndi kwanuko, kumpoto chakum'mawa kwa England. Fakitale ya zitsulo ya ku Consett inali pamwamba pa mapiri, mamita pafupifupi 270 kuchokera pa nyanja, pamene miyala yake inkabwera pa sitima zam'madzi n'kutsitsidwa ku Tyne Dock. Mtunda wake sukwana makilomita 40, koma malo ena njanji imakwera mita imodzi pa mamita 35 alionse. Kwa woyenda pansi kameneko n'kamtunda chabe, koma kwa sitima yonyamula miyala ndi khoma. Ma 9F khumi anapatulidwira ntchito imeneyi. Anawaika mapampu a mpweya m'mbali mwa boyila otsegulira ndi kutseka zitseko za mabogi, kuti ikafika pamwamba miyala yonse ikhuthuke m'kanthawi kochepa popanda munthu kugwira fosholo. Sitima imodzi inkakhala ndi mabogi asanu ndi anayi, iliyonse matani 56 a miyala. Ikafika pa South Pelaw, pamene chitunda chenicheni chimayambira, injini ina inkabwera kumbuyo kudzakankha, ndipo ziwirizo zinkakwera pang'onopang'ono, utsi uli tolotolo, phokoso likumveka midzi yonse ya m'mbali mwa njanji. Zinali choncho usana ndi usiku kwa zaka pafupifupi khumi, mpaka Novembala 1966.

Chimene sanayembekezere ngakhale okonza ake ndi liwiro. Loweruka la m'chilimwe, anthu akamakhamukira kunyanja, mainjini a sitima za anthu ankachepa, ndiye ankabwereka ma 9F. Madalaivala anapeza kuti imayenda mosalala ngati injini ya ekisipuresi. Mu 1958 ina inafika makilomita 145 pa ola pa njanji ya pakati pa Grantham ndi Peterborough. Pa liwiro limenelo mawilo aja amazungulira kopitirira kasanu ndi katatu pa sekondi imodzi, zitsulo zolemera zonse zija zikupita uku ndi uku. Akuluakulu anachita mantha kuti zitsulo zitha msanga, ndipo analetsa. Evening Star nayo, ili yatsopano mu 1960, inakokako ekisipuresi ya pakati pa Cardiff ndi London mpaka anailetsa. Kumene anaisiya kuti isangalale ndi pa njanji ya mapiri ya Somerset and Dorset, kumene 9F imodzi inkakwera ndi mabogi amene kale ankafuna mainjini awiri. Pa 8 Sepitembala 1962 Evening Star ndiyo inakoka sitima ya anthu ya Pines Express yomaliza kudutsa njanji imeneyo. M'nyengo yozizira sankazigwiritsa ntchito imeneyi, chifukwa zinalibe paipi yotumiza nthunzi yofunditsa anthu m'mabogi.

Si zonse zinayenda bwino. Mu 1955 anapanga khumi, manambala 92020 mpaka 92029, okhala ndi boyila ya nzeru za ku Italy yotchedwa Franco-Crosti, imene inkabweza utsi wotentha kuti uyambe watenthetsa madzi. Chumuni chake chinali m'mbali, pafupi ndi chipinda cha dalaivala, ndiye utsi unkalowa m'maso mwa anthu, mapaipi ankadyeka ndi dzimbiri, ndipo malasha opulumutsidwa anali ochepa. Patapita zaka zochepa anazibwezera ku kachitidwe ka masiku onse. Zitatu zina mu 1958 anaziika makina othira malasha m'ng'anjo okha, koma makinawo ankafuna malasha a tizidutswa tofanana, chibuma chachikulu chikalowa ankatsamwa, ndipo anawachotsa. Chimene chinathandizadi ndi chumuni cha mabowo awiri, chimene mainjini omalizira onse anabadwa nacho. Cha Evening Star chili ndi mkombero wa kopa pamwamba.

Tsopano funso la mnyamata uja. Kumayambiriro kwa 1955, patangopita chaka chimodzi 9F yoyamba itatuluka, akuluakulu a njanji analengeza pulani ya ndalama zoposa mapaundi 1.2 biliyoni yosinthira ku dizilo ndi magetsi. Zifukwa zawo zinali zoona, ndipo ngakhale ine wokonda malasha sindingazikane. Injini ya malasha yozizira imafuna maola angapo kuti nthunzi ikwere, pamene ya dizilo amangoliza. Tsiku lililonse wina ayenera kuchotsa phulusa, kupala makala oundana m'ng'anjo ndi kukokolola mwaye kutsogolo kwa boyila, kenako masiku angapo alionse kutsuka boyila m'kati. Pa mphamvu yonse ya m'malasha, imene imafika ku mawilo sikwana gawo limodzi mwa magawo khumi. Ntchito zosadetsa m'mafakitale zinali mbwee, ndiye achinyamata sankafunanso kudzuka usiku kukagwira phulusa. Utsi wosakanikirana ndi chifunga umene unaphimba London mu Disembala 1952 unapha anthu masauzande, ndipo mu 1956 kunabwera lamulo loletsa kuipitsa mpweya.

Nanga ankapitiriziranji kupanga ma 9F mpaka 1960? Chifukwa maoda anali ataperekedwa kale, katundu anali akudikira, ndipo mainjini a dizilo amphamvu anali asanakonzeke. Maganizo oyamba anali osintha pang'onopang'ono, kuyesa kaye mitundu ingapo ya dizilo, malasha akugwirabe ntchito zaka zambiri. Koma njanji zinayamba kuluza ndalama chaka ndi chaka, ndipo akuluakulu anathamangira kuitanitsa mainjini a dizilo ambirimbiri asanamalize kuwayesa. Crewe inamaliza 9F yake yomaliza, 92250, kumapeto kwa 1958. Swindon inatsalira m'mbuyo, n'chifukwa chake injini yomaliza kupangidwa ili ndi nambala yaing'ono, 92220. Anaipenta yobiriwira ngati ya sitima za anthu, anzake onse ali akuda, ndipo dzina lake linasankhidwa pa mpikisano wa ogwira ntchito. Pa 18 Malichi 1960 anaitcha Evening Star, nyenyezi ija imawala kumadzulo dzuwa likangolowa. Amene anasankha dzinalo ankadziwa kuti kukuda, ndipo kuyambira tsiku limenelo zinali zodziwika kuti idzasungidwa.

Pa nthawi yomweyo ntchito imene inkadyetsa ma 9F inkatha pansi pa mawilo awo. Mathiraki analanda katundu wambiri, makamaka msewu waukulu wa M1 utatsegulidwa mu 1959. Migodi ina inatsekedwa, mabanja anayamba kusiya malasha. Lipoti la Richard Beeching, mkulu wa British Railways, la mu 1963 linatsekesa njanji zambiri, ndipo mu 1966 Somerset and Dorset inatsekedwa, pamodzi ndi mbali yaikulu ya njanji ija ya ku Annesley. Madepoti a malasha akamatsekedwa, injini inkasowa pomwera madzi, ponyamulira malasha ndi pokonzedwera, ngakhale ikhale yatsopano bwanji. Ma 9F oyamba anachotsedwa pa ntchito mu Meyi 1964. Chigawo chakumadzulo cha British Railways, kumene Evening Star inkagwira, chinafuna kuthetseratu malasha pofika kumapeto kwa 1965. Kunena zoona inali itagundidwa pang'ono poisuntha pa doko la Cardiff, koma linali bala loti zaka khumi m'mbuyomo akanalikonza osaganiza kawiri. Anaiimitsa mu Malichi 1965. Zitatu zomaliza zinazimitsidwa ku Carnforth mu Juni 1968, ndipo mu Ogasiti chaka chomwecho British Railways inasiyiratu malasha pa njanji zake zikuluzikulu.

Injini ya malasha yosamalidwa bwino imagwira ntchito zaka 30 kapena 40. Palibe 9F inakwanitsa zaka 15, ndipo zingapo zinangofika zisanu. Apa m'pamene ine ndimaima. Kusiya malasha sikunali kulakwa. Kulakwa kunali kupanga ndi kutaya nthawi imodzi, dzanja lamanja likumanga, lamanzere likuphwasula. Akanatha kusonkhanitsa ma 9F pa njanji zochepa za miyala ndi malasha, monga ya ku Consett ija, n'kuwagwiritsa ntchito zaka zina khumi uku akusankha dizilo modekha. Kuthamanga sikufika: mitundu ina ya dizilo imene anaigula mopupuluma inakhala yovuta moti nayonso inaphwasulidwa isanakwanitse zaka zambiri. West Germany inapanga injini yake ya malasha yomaliza mu 1959, koma inapitiriza kukoka katundu wolemera ndi malasha mpaka 1977. Ndipo kufupi ndi kwathu, ku Bulawayo, cha m'ma 1980 anakonzanso mainjini a malasha a mtundu wa Garratt opitirira 80, ambiri a iwo opangidwa ku Manchester m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950, chifukwa malasha a ku Hwange anali pafupi pamene mafuta anali odula. Anzake a msinkhu umodzi ndi Evening Star anali akukokabe katundu ku Zimbabwe iyo itakhala kale zaka zambiri m'nyumba yoonetsera.

Mwa 251 aja anapulumuka asanu ndi anayi. Asanu ndi awiri anapulumukira pa yadi ya zitsulo zakutha ya Woodham Brothers ku Barry, ku Wales, kumene eni ake anatanganidwa ndi kudula mabogi n'kusiya mainjini ali ndanda pa mvula, mpaka magulu a anthu okonda njanji anayamba kusonkha ndalama n'kumawagula imodziimodzi. Ina, 92203, imene inakoka sitima yomaliza ya miyala ya chitsulo yochokera ku doko la Birkenhead mu Novembala 1967, inagulidwa ikuyendabe ndi katswiri wojambula zithunzi za njovu, David Shepherd, ndipo anaitcha Black Prince. Mu 1982 pa kwale ina ku Somerset inanyamuka ndi miyala yoposa matani 2,100, kuwirikiza kawiri ndi kupitirira zimene anaipangira, patatha zaka 15 eni ake oyamba atanena kuti ilibenso ntchito. Shepherd yemweyo ndi amene Pulezidenti Kenneth Kaunda anamupatsa injini yakale ya pa njanji ya matabwa ya ku Mulobezi ku Zambia, n'kuitengera ku Britain.

Evening Star simuionanso ikufuka utsi, inazimitsidwa komaliza m'zaka za m'ma 1980. Koma mnyamatayo asathere pa injini yozizira. Mchimwene wake wa Evening Star, 92134, yekhayo wotsala wa chumuni cha bowo limodzi, anayambanso kuyenda mu 2019 pa North Yorkshire Moors Railway, njanji yoyambira ku Pickering, kumpoto kwa York. Yambani mwafunsa ngati ikuyenda tsiku limenelo, chifukwa mainjiniwa amapuma nthawi ndi nthawi kuti boyila iunikidwe, ndipo nthawi zina amakacheza ku njanji zina. Mukaipeza, kwerani kuchokera ku Grosmont kupita ku Goathland, kumene njanji imakwera mita imodzi pa mamita 49, ndipo mukhale m'bogi yoyamba, windo lili lotsegula. Musamuveke malaya oyera. Sitima ikaima pa siteshoni, mupite naye kutsogolo akapemphe wosonkhezera moto kuti amutsegulire chitseko cha ng'anjo aone.